Mapilitsi a Madamu

Ku Area 10 chinthu sichifa kamodzi. Chikatha ntchito m'nyumba yaikulu chimayamba chadzera ku boyizikota, kogona antchito, ndipo chikakanika kumeneko m'pamene chimapita ku bini. Ine ndinaphika ndi kuchapa m'nyumba ina ya kumeneko kwa zaka zingapo, choncho mitembo ya katundu ndinailandira yambiri. Ayironi yomenya shoko. Ketulo yodontha. Makatani amene dzuwa linawadya mpaka ukawakoka pang'ono amangoti kwee. Yogati wotupa chivindikiro, amene madamu ankayamba amununkhiza, n'kukwinya mphuno, kenako n'kundiitana.

"Tenga uyu. Deti yangodutsa pang'ono. Inu matupi anu ndi olimba."

Madamu anali mayi wokonda kupatsa, pamenepo sindingawanamizire. Ankagwira ntchito mu ofesi ina ku City Centre, kutchalitchi kwawo anali mkulu wa amayi, ndipo kupatsa kunkawakomera monga ena kumawakomera kudya. Koma kupatsa kwawoko kunali ndi mwambo wake. Ankakuitanira kukhitchini kapena kuchipinda, muli awiriwiri, iwe n'kugwada, n'kulandira ndi manja awiri. Ukachedwa kuthokoza ankakukumbutsa. Mawa lake ankafunsa ngati chinthu chija chikugwira bwino ntchito, kuti uthokozenso. Amuna awo, amene tinkangoti abwana, zimenezi sankazidziwa ndipo analibe nazo ntchito. Iwo chawo chinali kupeza malaya ositasita pa hang'ala ndi tiyi patebulo.

Zokana kunalibe. Kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndiye yogati uja ndinkalandira ndithu, n'kukamuthira kuseri kwa mtengo wa gwafa. Zina zonse ndinkasunga, chifukwa madamu ankatha kusuzumira m'chipinda changa n'kufunsa kuti makatani aja ali kuti.

Chipinda chimenecho ndicho chinandimanga miyendo. Ndinakulira ku Mitundu, kumene ana tonse tinkagona pamphasa imodzi. Amuna anga, amene ndi telala pakhonde la sitolo ina ku Old Town, ankakhala ku Mchesi m'chipinda chimodzi ndi mng'ono wawo, pakati atatchinga chitenje. Ndiye taganizani munthu wotere apatsidwe chipinda chakechake, cha simenti, cha magetsi, chokhala ndi loko ndi kiyi wake, mpopi uli pakhomo pomwepo. Ndinkatha kukhoma chitseko masana, popanda chifukwa, kungofuna kumva kulira kwa loko. Mwana wathu wamkazi anali kwa amayi anga kumudzi, ndipo makope ake, sopo wake, nsapato zake, zonse zinkachokera m'khitchini ya madamu. Ku Mchesi ndinkapitako Lamlungu masana, n'kubwerera dzuwa lisanalowe.

Lamulo lalikulu linali limodzi, ndipo anandiuza tsiku loyamba, ndisanatule n'chikwama chomwe.

"Pakhomo pano sindifuna khanda. Ukangoima, geti ndi ilo. Tamvana?"

"Tamvana, madamu."

Alonda a pageti, bambo wachikulire wa ku Dedza, anandinong'oneza pambuyo pake kuti si nthabwala. Mtsikana amene ndinalowa m'malo mwake anachoka choncho, mimba itangoyamba kukankha epuloni.

Choncho ndinkabayitsa jakisoni wolerera kuchipatala cha boma. Nthawi yake ikakwana ndinkapempha m'mawa umodzi. Vuto ndi loti m'mawa wa kuchipatala cha boma umatha masana. Umakhala pabenchi, mzere osasuntha, ana akulira, anamwino apita kukamwa tiyi, abwera, apitanso. Madamu tsiku limenelo ankadana nalo kwabasi. Ulendo wina ndinabwerako mochedwa, alendo awo a nkhomaliro atafika kale. Ndinawapeza madamu ataima okha pa chitofu ndi nsapato zawo zazitali, anyezi akupserera, thukuta likusungunula zodzola za kumaso. Sanandikalipire pamaso pa alendo. Anasunga.

Loweruka lina pambuyo pake, nyengo ija mitengo ya jakaranda imayoyola maluwa mpaka wosesa kutopa, ndinali kuchipinda kwawo kusintha nsalu za pabedi. Analowa, anatseka chitseko, anakoka dilowa ya pambali pa bedi, n'kutulutsa timabokosi tingapo toyera.

"Zopita kuchipatala zija zithe. Awa ndi mapilitsi anga, akunja, osati aboma aja. Ine ndasintha mtundu. Akukwanira mpaka chaka chamawa."

Anakhala pabedi n'kuyamba kundiphunzitsa. Limodzi pa tsiku, nthawi yomweyomweyo, kutsatira kamuvi kolembedwa pa kapaketi, osadumpha. Pomaliza anandigwira paphewa, chinthu chimene anali asanachitepo. Ndinagwada, ndipo ulendo umenewu kuthokoza kwanga kunachokera pansi pa mtima. Kanali koyamba kulandira kwa iwo chinthu chatsopano, chosatsegula, chonyezimira m'pulasitiki mwake. Jakisoni uja ankandipweteketsa mutu ndi kundisokonezera masiku a kumwezi. Ndinaona ngati madamu andiyesa munthu tsopano, mkazi mnzawo.

Lamlungu ndinakawaonetsa amuna anga.

"Taonani, bambo a mwana, ndikumwa zofanana ndi madamu."

Anaseka, nati posachedwa ndiyamba kuyankhula Chingerezi cha m'mphuno ndi kudyera nthochi pa foloko. Ndinaseka nawo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndinkamwa mokhulupirika kuposa mmene ndinkapempherera. M'mawa uliwonse ndikateleka madzi a tiyi wa abwana, pilitsi linkalowa. Sindinadumphepo. Ndikunena zimenezi chifukwa pambuyo pake anthu ambiri anandiuza kuti ndinadumpha, anthu oti kukhitchiniko sanafikeko.

Mvula itafika pakati, fungo la mafuta onunkhira a madamu linayamba kundinyansa. Kenako mazira okazinga. Kenako ndinkangothamangira kuseri kwa gwafa kuja kukasanza, n'kukwirira ndi phazi. Ndinadzinamiza kuti ndi malungo, ndipo ndi dzina la malungo lomwelo ndinapempha kupita kuchipatala. Madamu anati ndisachedwe, kuli zochapa.

Namwino amene ndinamupeza anali wa pakamwa pakuthwa. Atandiyeza sanazungulire.

"Malungo anuwa ndi obala mwana, mayi. Mwaima."

"Sizingatheke. Ndikumwa mapilitsi."

"Nonse mumatero. Lolemba mumwa, Lachiwiri mwaiwala, Lachitatu mukukuta atatu ngati mtedza."

Ndinapsa mtima. Ndinatsegula kachikwama n'kumuponyera patebulo kabokosi, pamodzi ndi kapaketi kamene ndinali nditafika nako pakati. Anakatola monyoza, koma atakatembenuza nkhope inasintha. Anaitana mnzake, onse awiri n'kuweramira pa timanambala ta m'mbali mwa bokosi.

"Mwawatenga kuti amenewa?"

"Anandipatsa abwana anga aakazi."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, mawu atafewa. Mapilitsi amenewo anali atalengezedwa kalekale kuti abwezedwe. Kufakitale kumene anawapanga, kunja, analakwitsa polongedza: m'mizere ina munalowa mapilitsi opanda mankhwala, ufa wokhawokha, koma ooneka chimodzimodzi ndi enieni. Ngakhale munthu umwe mokhulupirika chotani, masiku ena unkangomeza choko. Uthenga unapita m'mafamase ogulitsa mtundu umenewo, ndipo mafamasewo anauza makasitomala awo kuti abweze, awasinthire. Kuchipatala cha boma mtundu umenewo sunkaperekedwa, ndiye ife a pabenchi panalibe chifukwa chotiuzira.

Tsono muone kupusa kwanga. Munthu woyamba amene ndinamudera nkhawa anali madamu. Ndinati mayi wanga uja sakudziwa, anamugulitsa zoola, mwina nayenso anamwako. Kenako mtima unatsika pang'ono. Ngati wolakwa ndi fakitale, ndiye kuti ine sindinaswe lamulo mwadala. Madamu akamva kwa munthu wophunzira, osati kwa ine, adzamvetsa. Mwina adzandilola ndikachire kumudzi, khandalo ndilisiye kwa amayi, chipinda n'kundisungira. Pabokosipo panali kapepala komata ka famase ina ya ku City Centre. M'malo mobwerera kukachapa, ndinakwera minibasi ya kumeneko.

M'famasemo munkazizira ngati m'filiji. Kuseri kwa kauntala kunali mtsikana wachimwenye wovala gauni yoyera, wobadwira ku Old Town konkuno, Chichewa chake chosalala kuposa cha madamu. Ndinadikira athane ndi azibambo a mataye, kenako ndinaika kabokosi pakauntala n'kufotokoza zonse. Atawerenga dzina la pakapepala kaja, anagwira pakamwa.

"Amayi, mayi amenewa ndinawaimbira foni ndekha. Anabwera tsiku lomwelo kudzatenga ena abwino. Nditawafunsa za akalewo, anati awatentha."

"Linali liti limenelo?"

"Nyengo yotentha ija, mvula isanayambe."

Ndinakumbukira maluwa a jakaranda pa tsache langa, nyengo imene ndinalandira mapilitsi aja. Anandikokera mpando, anandipatsa madzi m'kapu ya pepala.

Mtsikanayo anali wabwino mtima, ndipo ubwino wakewo ndi umene unandimaliza. Anakwiya m'malo mwanga. Ndisanameze madzi aja anali atanyamula kale foni kuti aimbire madamu. Ndinakweza dzanja kuti asiye, koma anangondigwedezera mutu, kusonyeza kuti ndisadandaule, akonza. Iye ankayesa kuti munthu wolakwa ukamuuza kuti walakwa amapepesa. Anali asanagwirepo ntchito m'nyumba ya munthu.

Ofesi ya madamu inali pafupi. Ndinamva nsapato zawo eni ake asanaoneke. Analowa akumwetulira, chifukwa m'famasemo munali anthu, ndipo mmodzi mwa iwo anali mayi wa kutchalitchi kwawo, amene ndinamuthirirapo tiyi kangapo. Mtsikana uja anayamba m'Chingerezi, motsitsa mawu, koma mkwiyo unawakweza, ndipo mayi wa kutchalitchi uja anasiya kusankha mafuta odzola n'kutchera khutu.

Ine maso anga anali pankhope ya madamu. Ndinawaona akuyang'ana bokosi, akuyang'ana mnzawo uja, akuyang'ana ine. Sanachedwe. Anaomba m'manja kamodzi.

"Ndiye n'kumene anapita! Ambuye wanga! Ndinawaika m'dilowa kuti ndiwatenthe, kutacha mulibe. Ndafunafuna nyumba yonse."

"Koma munandiuza kuti mwatentha," anatero mtsikanayo.

"Ndikanati chiyani, mwanawe? Ndikuuze kuti m'nyumba mwanga muli wakuba? Ndinachita manyazi."

Ndinaimirira. Mawu anga anatuluka aang'ono.

"Madamu, munandipatsa nokha. Munandiphunzitsa kamwedwe kake mutakhala pabedi."

Sanandiyankhe ine. Anatembenukira kwa anthu.

"Tamumverani! Ine, ndi mutu wangawu, ndimupatse munthu mankhwala oti ndauzidwa kuti ndi oipa? Ndine mfiti?"

Apa m'pamene ndinagonjera. Chimene anachitacho chinali choipa kwambiri moti panalibe akanachikhulupirira, pomwe kuba kwa wantchito aliyense amakudziwa, n'kwa tsiku ndi tsiku ngati kuthima kwa magetsi. Mayi wa kutchalitchi anapukusa mutu, nati antchito a masiku ano akuba ndi mankhwala omwe. Mtsikana wa famase anandiyang'ana, ndipo ndikhulupirira mpaka lero kuti zoona ankazidziwa. Koma madamu ankagula pamenepo mankhwala a banja lonse, ine ndinangobweretsapo fumbi la kumapazi. Mtsikanayo anati pepani kwa madamu, anati pepani kwa ine, n'kutenga kabokosi kaja kukaika pansi pa kauntala.

M'galimoto ya madamu ndinakhala kumbuyo, pambali pa chikwama chawo. Anachikoka n'kuchiika kutsogolo. Tinadutsa nyumba za akazembe, mipanda italiitali, alonda atakhala pa timipando tawo. Titayandikira kunyumba anatsegula pakamwa, maso ali kumsewu.

"Ukanabwera kwa ine. Unapitiranji kukandivula pagulu?"

Anapitiriza okha.

"Azungu amakokomeza zinthu. Kalikonse bwezani, kalikonse tayani. Ndinati mwa mapilitsi onsewo oipa angakhale angati? Nditenthe zinthu zodula choncho? Ndinkakuthandiza." Kenako anaseka cha m'mphuno. "Komanso iwe, Lamlungu lililonse? Telala wakoyo satopa?"

Ndatukwanidwapo m'moyo wanga, koma palibe mawu amene anandiwotcha ngati amenewo. Ndinalakalaka galimotoyo itaomba mtengo, tonse awiri tithere pomwepo. Ndikunena zoona.

Titafika kunyumba, abwana anaitanitsidwa kuchokera kuntchito. Madamu analamula alonda kuti atulutse katundu wanga yense amuyale pa kapinga, ndipo pamenepo, dzuwa likuswa mtengo, mphatso zanga zonse zinasanduka umboni. Ankayenda pakati pa katunduyo akuloza ndi nsonga ya nsapato.

"Ketulo yanga iyi! Makatani a m'chipinda cha alendo! Ayironi ija ndinkakufunsani ija, dadi, mwaikumbukira?"

Abwana sankakumbukira kanthu, koma ankagwedeza mutu. Panalibe chinthu ngakhale chimodzi chimene ndinalandira munthu wachitatu akuona. Ndinayang'ana alonda. Bambo amenewa anandionapo kambirimbiri ndikutuluka m'khitchini nditanyamula zinthu zimenezi, madamu ali kumbuyo kwanga kukuwa kuti ndizisamale. Tsikulo anali atavala jekete yakale ya abwana, imene nawonso anaigwadira. Anazyolika, n'kuyamba kuivula pang'onopang'ono ngati atenthedwa, anaipinda, n'kukaibisa m'kanyumba kawo ka pageti. Sindidana nawo. Nawonso anali ndi ana.

Abwana anati aitane apolisi. Apa madamu anaika dzanja pachifuwa.

"Ayi, dadi, timukhululukire. Ndi woyembekezera. Mulungu wamulanga kale."

Abwana anawayang'ana akazi awo mwaulemu kwambiri, nati ndithokoze kuti ndakumana ndi mayi wopemphera. Ndisanachoke, madamu anandiimika pakati pa katunduyo n'kundijambula ndi foni, ati achenjeze anzawo. Kenako anatambasula dzanja, ine n'kuikamo kiyi. Ndinatuluka ndi chikwama chomwe ndinalowa nacho chija, ndipo geti linatsekedwa ndisanafike n'kumsewu komwe.

Amuna anga ndinawapeza pakhonde paja ku Old Town, akupalasa makina pakati pa mahutala a maminibasi ndi anthu ogulitsa malonda. Ndinafotokoza chiimire, odutsa akundigunda mapewa. Anamvetsera mpaka kumapeto, anadula ulusi ndi mano, nati:

"Nanga kufamaseko unkakatani? Ukanangokhala chete, bwenzi utagwirako miyezi ingapo."

Ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake ndinatha masiku osawayankhula. Tinkagona kuseri kwa chitenje kuja, mlamu wanga akutsokomola mbali inayo kuti tidziwe kuti tamupanikiza.

Ndinayesa kufuna ntchito ina mimba isanaoneke. Ndinaimanga ndi chitenje n'kuyenda geti ndi geti ku Area 47, sekitala iyi, sekitala iyo, agalu akundiuwa, alonda akundiyankhira pa kabowo. Panyumba ina mayi wa pakhomopo anatuluka yekha. Anandifunsa ngati ndimadziwa kuphika zachizungu, ngati ndimasita bwino, ndipo tinali titayamba kumvana. Kenako anandiyang'anitsitsa. Anatulutsa foni, anapalasa ndi chala, anayang'ana foni, anayang'ana ine. Anaseka mpaka kutsamira geti.

"Ndinu munaba mapilitsi aja! Mayi inu! Nanga mimbayo ikuyenda bwanji?"

Anaitana ndi mchemwali wake yemwe kuti adzandione. Chithunzi changa chinali chitazungulira m'magulu a pa foni a azimayi a m'nyumba za mipanda, chitafika kumene miyendo yanga inali isanafike. Tsiku limenelo ndinasiya kugogoda mageti. Kumudzi, mwana wanga wamkazi anavala nsapato zomwe zija mpaka zala zinatulukira kutsogolo, ndipo amayi anga anasiya kufunsa kuti sopo abwera liti.

Ndinabereka mwana wamwamuna. Ndinene mosabisa, miyezi yonseyo sindinamufune. Ankati akagunda m'mimba, ine ndinkaganiza za chipinda changa ndi munthu amene akugonamo. Koma anabadwa ndi makutu a bambo ake, oimirira ngati zogwirira za poto, ndipo nditamuona ndinaseka koyamba m'miyezi yambiri. Mwana ameneyu ndimamukonda kuposa maso anga. Chikondi chimenecho sichinachotse kanthu pa mkwiyo wanga, ndipo anthu amene amandiuza kuti ndithokoze poti zonse zinatha bwino ndimafuna kuwalavulira.

Masiku ano ndimagulitsa zitenje pakhonde lomwe lija, pambali pa makina a amuna anga. Ndimasokerera mabatani, ndimapinda m'munsi mwa madiresi, ndipo mwini sitolo, bambo wachimwenye wokalamba, amatilola kusunga katundu mkati tikaweruka. Mlamu wanga anatopa nafe n'kusamuka, chitenje cha pakati chija tinachichotsa. Madamu sindinakumanenso nawo. Anthu otere ku Old Town amabwerako atatseka magalasi.

Chaka chatha, nyengo ya maukwati, kunabwera azimayi angapo a ku Area 47 kudzasoketsa madiresi a yunifolomu. Anakhala pabenchi lathu akudikirana kuyesa, ndipo nkhani yawo inali imene azimayi otere amakamba akakumana, ya antchito. Uyu amamaliza shuga, uyu amavala zovala za mwini nyumba akachoka. Mwana wanga wamwamuna uja, amene anali atangoyamba sukulu, anali pansi pa tebulo akutola tizidutswa ta nsalu. Ine ndinali nditawerama kumapazi a mayi wina wonenepa, wansangala, ndikupinda diresi lake, mapini ali pakamwa.

"Inu zanuzo n'zochepa," anatero mayiyo. "Munamva za wantchito wa ku Area 10 uja?"

Nkhaniyo inali itanenepa m'njira. Wantchitoyo, ati, anali wakuba wotheratu, anasesa nyumba yonse mpaka makatani. Tsiku lina anaba mapilitsi olerera a madamu ake kuti azichita bwino uhule wake, osadziwa kuti mapilitsiwo anali oonongeka, oyembekezera kutenthedwa. Madamuwo, mayi wa mapemphero, anali atasala kudya kupempha Mulungu kuti awaululire wakuba wa m'nyumba mwawo. Ndipo Mulungu anamuululadi, pamimba, poti aliyense aone. Mayiyo anati anaimva kwa eni ake, akuchitira umboni pamsonkhano wa amayi, ndipo anthu anaimirira kuomba m'manja.

Khonde lonse linaphulika. Anaseka azimayi aja, anaseka wogulitsa maambulera wa pambali pathu, anaseka ndi munthu wongodutsa amene anaima kuti amve mathero ake. Amuna anga anaweramira pa makina n'kupalasa mwamphamvu. Mayiyo sanandizindikire. Chithunzi chija chinafufutika kalekale m'mafoni, ine ndinaonda, komanso munthu wopinda diresi palibe amamuyang'ana kumaso. Ankagwedezeka ndi kuseka mpaka ndinachita kumugwira mwendo kuti ndisamubaye.

Mwana wanga nayenso anaseka, monga amachitira ana akuluakulu akamaseka. Kenako anatulutsa mutu pansi pa tebulo.

"Nanga mwanayo anapita kuti?"

Mayi uja anawerama, anamutsina tsaya mwachikondi.

"Ali kwinakwake, akuba ngati mayi ake. Sangakhale mwana wabwino, waulemu ngati iweyo."

Ine mapini anali pakamwa. Mwana wanga anandiyang'ana kuti aone ngati ndamva mmene amuyamikirira, ndipo ananyadira tsiku lonse.